Pezani Malo a Mitengo

Dzoole, Dowa
12 Malichi 1995

Achimwene Elifala,

Ndikhulupirira muli bwino ku Indiyako ndipo tsabola sanakumalizeni. Ife kuno tilipo, kupatula chimfine cha ana ndi nkhani imene ndikulemberayi.

Kalata yanu yopepesa maliro inafika, ndipo ndinawawerengera atate kawiri. Musadzizunze kuti simunabwere kudzaika amayi. Telegalamu yathu inakupezani titakwirira kale, nanga mukanatani?

Koma atate sali bwino. Si matenda oti ungaloze ndi chala. Chimwalirire amayi mu Januwale akungokhala pakhonde atagwira tsaya. Wailesi ija ankakangana nayo nkhani za zipani yachita fumbi. Ndinapita nawo kuchipatala, adokotala akuti magazi akuthamanga ndipo gwero lake ndi maganizo. Anawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti asiye kuganiza. Atate anawayang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikukwapula ana kuti aziganiza. Lero mukuti ine ndisiye. Pozimitsira pake ndi pati?"

Chimene chikuwadya ndikuchidziwa. Atate ndi akamwini pano. Akhala pamudzi wa akazi awo zaka makumi anayi, koma mwambo suwerenga zaka. Tikatha kukolola, mu Ogasiti, atsibweni a Andireya adzaitana abale kuti awasudzule. Aliyense akuti palibe choopsa, kuti akadzawamasula adzangowauza kuti, "Khalani, muziona ana." Koma mawu amenewo ali m'kamwa mwa a Andireya, ndipo mukudziwa kuti awiriwa sanamwerenso chikho chimodzi chivotere riferendamu, wina nyali wina tambala. Akadzati abwerere kwawo ku Ntchisi, kuli yani? Azakhali a Susana, amene makutu anatseka kalekale, ndi mbuzi zawo.

Inu ophunzira, lembani kanthu kowalimbitsa mtima. Ine nthawi ndilibe. Chiyambire sukulu yaulere ndili ndi ana 160 pansi pa mtengo wa mango, ndikamamaliza kuitana mayina belu lopumulira lalira.

Nsalu munalonjeza ija ndikuidikirabe. Kapena ikubwera wapansi?

Ine mlongo wanu,
Rakele


Pune, Indiya
6 Epulo 1995

Chemwali Rakele,

Landira moni kuchokera kudziko kumene ng'ombe imagona pakati pa msewu, magalimoto n'kumaipatukira mwaulemu ngati nduna. Tsabola sanandimalize, koma tsiku lililonse amayesa. Ana ali bwanji? Alamu? Mvula yakusiyirani chimanga?

Za atate zandikhudza, ndipo mwayi wake mankhwala ndili nawo. Uthenga wa amayi utandipeza nanenso mutu unasokonekera. Tsiku lina mkulu wina wogwira ntchito mu laibulale ya pakoleji pano, a Kulkarni, anandiuza kuti wandiona ndikuwerenga tsamba limodzi la buku la ulimi wothirira kwa maola awiri, ndipo buku limenelo si lokoma chotero. Ananditengera kupaki kumene anthu amachita zotchedwa yoga. Chemwali, ndinaona gogo wa zaka makumi asanu ndi awiri atakoleka phazi pakhosi ngati thumba. Ine nditawerama kuti ndigwire zala zakumapazi ndinathera m'maondo.

Koma pachimake pake si kudzipinda. Ndi kukhala chete ndi kumvetsera mpweya wako mpaka mtima utaleka kuthamanga. Uwauze atate kuti si chipembedzo, asaope. Palibe chogwadira, palibe chopereka. Pepala lawo ndi ili, ndajambulapo ndi tianthu kuti aone kakhalidwe kake.

Atate, pezani malo a mitengo, amthunzi, abata, kosafika anthu. Muzipitako m'mawa dzuwa likamatuluka. Khalani pansi mutapinda miyendo, msana uli woongoka, ndipo tsinzinani. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, kenaka tulutsani. Imeneyo ndi imodzi. Werengani mpaka khumi, n'kuyambiranso. Ganizo loipa likabwera musalimbane nalo. Litengeni ngati munthu wodutsa panjira: mupatseni moni, koma musamupatse mpando. Pomaliza gonani chagada, manja m'mbali, osagwedezeka, kwa mphindi khumi. Mukadzuka mudzamva ngati mwatula thumba la feteleza.

Ine zandithandiza kwambiri. Ndine munthu watsopano.

Nsalu ikubwera. Ndikusankha mtundu woyenera aphunzitsi a pansi pa mtengo, wosaonekera zitosi za mbalame.

Mlongo wako,
Elifala


Dzoole, Dowa
14 Meyi 1995

Wokondedwa mwana wanga Elifala,

Ndikuthokoza Mulungu ngati uli moyo. Ine ndilipo.

Pepala lako ndinalilandira ndipo ndinaliwerenga cholembera chofiira chili m'manja. Ndakupatsa 7 pa 10. Mfundo zilipo, koma zojambulazo ungachite bwino kusiyira ena. Kamunthu kachiwiri kaja ndinayamba ndakayesa chule.

Za kupinda miyendo, maondo anga akana. Akuti masiku ano ndi a demokalase, sangakakamizidwe. Ndiye tagwirizana kuti mwendo umodzi uzipinda, winawo uziyang'anira.

Malo ndinavutika nawo. Kodi waiwala kwanu? Chilolere boma kuti aliyense azilima fodya, mtengo uliwonse woongoka unasanduka mzati wa chigafa, wokhota unapita pamoto. Ukaima pachulu cha kuseri kwathu umaona mpaka ku Bowe popanda tsamba lokutchinga. Wa mango wa kusukulu uli ndi eni ake, ndipo bata pamenepo palibe. Komabe malo ndawapeza, monga momwe unalembera. Pali mitengo ikuluikulu, mthunzi, mbalame, ndipo amene ndayandikana nawo sasokosa.

Kuwerengako sindinafikepo pa khumi. Ndimathera pa zinayi. Mphunzitsi wa masamu! Usauze munthu.

Koma ndikugona tsopano. Kuchipatala akuti magazi atsika, ndipo mnyamata uja akuyesa ndi mapiritsi ake. Ndamusiya, nayenso afunika kulimbikitsidwa. Dzulo ndagula mabatire a wailesi.

Ulimbike sukulu. Undiuze ngati kumeneko kuli tchalitchi.

Ine bambo wako,
Solomoni Phiri


Dzoole, Dowa
25 Juni 1995

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pa moni.

Mukudziwa kumene atate akhala akupita m'mawa uliwonse? Kumanda. Inde, kumanda kwathu, kumene tinaika amayi. Munati malo a mitengo kosafika anthu. M'dera lonse lino nkhwangwa yaopa malo amodzi okha.

Lachiwiri lapitali a Faines, akazi a atsibweni, ankapita kudimba ndi kheni yawo yothirira. Podutsa kanjira ka m'mphepete mwa manda anaona mapazi awiri m'masamba. Anasuzumira. Atate ali gone chagada pakati pa mitumbira, manja m'mbali, maso ali tsinzinu, monga momwe munajambulira. A Faines anayamba kulira maliro pomwepo. Ndiye malirowo anadzuka, anasasa fumbi, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Kheni ija anakaitola anthu ena masana. A Faines anafika pamudzi nsapato imodzi, mawu atawathera.

Mwina mukuseka. Nanenso ndinaseka, mpaka nditamva zimene zikukambidwa pachitsime. Mukudziwa kuti kumanda munthu sapita yekha. Ngakhale adzukulu okumba manda amapita gulu, mudzi wonse ukudziwa. Wopita yekha m'mamawa, tsiku ndi tsiku, ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo atate apatsidwa. Akuti amayi sanafe ndi matenda. Akuti mwana wawo anapita ku Indiya osati kukaphunzira za madzi, koma kukatenga zithumwa, nanga si aliyense amadziwa kuti zithumwa zamphamvu amaitanitsa kumeneko pa positi? Pepala lanu atsibweni analipeza m'Baibulo la atate ndipo alitenga. Tianthu tanu topinda miyendo tayenda m'manja mwa mudzi wonse. Ana akawaona atate akubwera amalowa m'chimanga chouma. Amayi amene ankawabweretsera ndiwo asiya.

Ndinawapempha kuti aleke. Akuti, "Ndionetse mtengo wina." Ndinati afotokozere anthu. Akuti anafotokozera anthu zaka makumi atatu ndi zisanu, anapuma pantchito. Lero m'mawa apitanso.

Tsiku lowasudzula laikidwa, Loweruka pa 19 Ogasiti. Lemberani atsibweni msanga, m'Chichewa chomveka, kuti zimenezi ndi zolimbitsa thupi basi, ngati zimene timachititsa ana pabwalo. Inu angakumvereni, ndinu mwana wamwamuna wa mlongo wawo, wa digiri. Ine akuti ndine mwana wamkazi wokonda bambo ake.

Za nsalu zisiyeni.

Rakele


Dzoole, Dowa
30 Julayi 1995

Achimwene,

Muli moyo? Lachisanu lililonse ndimatsagana ndi ahedi a sukulu yathu kukatsekula bokosi la makalata ku Mponela, mpaka anthu ayamba kutinena. Mumatuluka makalata a mipingo ndi a mayeso. Yanu ayi.

Mwina mwakwiya ndi mmene ndinalembera. Kwiyani, koma lembani. Kwatsala masabata atatu. Atate akuoneka athanzi kuposa chaka chonse chino, akudya, akumeta ndevu, akutsutsana ndi wailesi. Koma kupatula wailesiyo ndi ine, palibe amene akuwayankhula.

Rakele


Pune, Indiya
30 Ogasiti 1995

Rakele,

Makalata ako onse awiri ndawapeza lero pansi pa chitseko. Anatitumiza kumidzi masabata asanu ndi awiri kukayeza ngalande, ndipo sindinaganize zokuuza. Ndawerenga deti la 19 Ogasiti kangapo, ngati kuti ndikaliyang'anitsitsa libwerera m'mbuyo. Ndikulembera anthu amene akudziwa kale chimene ine sindikudziwa.

Kalata yopita kwa atsibweni ndaikamo, masamba anayi. Ngati ikadali ndi ntchito, uwapatse.

Polemba za mitengo ndinkaona Dzoole wa ubwana wathu, nkhalango ya masuku ija tinkasochereramo. Ndinaiwala kuti ndinaiona ikutha ndi maso angawa. Munthu ukakhala kutali umabzalanso mitengo yonse m'mutu.

Pali china choti ndiulule. Ndinati ndine munthu watsopano. Ndinanama. Yoga ndinaisiya patangotha masabata atatu, ndisanalembe n'komwe pepala lija. Ndikangotsinzina ndinkaona bokosi la amayi likutsika, ine kulibe, ndipo ndinkadzuka n'kuthawa. A Kulkarni ndimawazemba, laibulale ndimalowera khomo lakumbuyo. Ndinatumizira atate mankhwala amene ine ndinalephera kumeza, kuti ndimveko ngati ndachitapo kanthu pa maliro aja.

Mumzinda muno muli anthu ochuluka kuposa Dowa ndi Ntchisi pamodzi, koma chifikire sindinamvepo munthu akutchula dzina langa molondola.

Ndiuze zimene zinachitika. Usandibisire.

Elifala


Dzoole, Dowa
24 Sepitembala 1995

Achimwene,

Tili bwino. Kalata yanu yafika Lachisanu. Masamba anayi aja ndawerenga, ndi okoma, mwatchulamo mpaka mitsempha ya magazi. Ndawasunga m'sutikesi.

Mwati ndisabise. Anthu anasonkhana pabwalo la atsibweni, ochuluka kuposa amene mwambowo umafuna. Ena anachokera midzi ina, ati kudzaona mfiti ya penshoni. Atate anavala jekete lawo la Lamulungu.

Atsibweni anati, "Alamu, tiuzeni pamaso pa anthu. Kumanda mumakatani?"

"Ndimakakhala."

"Kukhala basi? Mipando inatha kunyumba?"

"Mipando ilipo, alamu. Mitengo ndiyo munamaliza."

Anthu anaseka, ndipo kusekako sikunatithandize, chifukwa zigafa zazikulu pamudzi pano mukudziwa mwini wake. Atsibweni anatulutsa pepala lanu, analionetsa mbali zonse, n'kulitentha ndi machesi. Kenaka anatsitsa mawu. Kunena zoona, achimwene, sanafune kuwathamangitsa. Anati, "Aphunzitsi, mwatiphunzitsira ana pano. Mlongo wanga munamusunga bwino, ine zonena anthuzi sindikuzikhulupirira. Koma mudzi uli ndi mantha. Ingolonjezani pano kuti kumanda simudzapitakonso nokha, nkhani ithe, mukhale."

Ine mumtima ndinati zatha, Mulungu ngwabwino. Koma atate anatsinzina. Pamaso pa anthu onsewo anaongola msana n'kuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono. A Faines anasuntha mkeka. Ine ndinkawerenga nawo chamumtima. Pa kachinayi anatsekula maso n'kunena mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa mchere:

"Alamu, chinandibweretsa pamudzi pano ndi mlongo wanu Elizabeti. Mukuti ndikhale, koma kumene ali ndisamapiteko. Nanga ndikhalirenji?"

Atsibweni anadikira, atate anadikira, aliyense kuyembekeza kuti mnzake afewe. Kenaka mwambo unachitika monga umachitikira. Anawathokoza, anawamasula. Mawu aja akuti "khalani" sanatuluke.

Ndinawachonderera kuti adzakhale nafe kunyumba ya kusukulu. Akuti anakhalapo mkamwini kamodzi, sangakhalenso mkamwini wa mwana wawo. Lachitatu lotsatira tinakweza katundu pangolo mpaka kumsewu: njinga, mabuku, wailesi, mpando umodzi. Zaka makumi anayi sizinadzaze ngolo. Podutsa pamanda anavula chipewa, osatembenuka.

Sindikukuimbani mlandu. Ndinakuimbani mwezi wathunthu, ndatopa. Alembereni ku adiresi ili kuseriyi.

Nyumba ija ndimaitsekula Loweruka kuti ipite mphepo.

Mlongo wanu,
Rakele


Ntchisi
29 Okutobala 1995

Wokondedwa mwana wanga Elifala,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndilipo. Azakhali ako akupereka moni. Kukhala nawo n'kosavuta: ine ndimayankhula, iwo samva, ndipo sitinakanganepo.

Kalata yako yopepesa ndailandira. Ndakupatsa 3 pa 10, chifukwa yankho lake ndi lolakwa. Ukuti unandisocheretsa. Mwana wanga, ine ndakhala pa Dzoole kuyambira iwe usanabadwe. Ukuganiza kuti sindinkadziwa chimene anthu amanena za munthu wopita yekha kumanda? Kuyambira Januwale ndinkafuna chifukwa chopitira kumeneko. Iwe unangonditumizira chilolezo, chodinda sitampa ya ku Indiya.

Ndinakuuza kuti ndimathera pa zinayi. Sindinakuuze chifukwa. Ndikafika pa zinayi amabwera amako. Osati mzukwa, usayambe nawenso. Ganizo chabe: mmene ankatsokomolera asanandidzudzule, mmene ankandibisira shuga. Iwe unalemba kuti ganizo ulipatse moni koma usalipatse mpando. Maganizo enawo ndinkatero ndithu. Lakuti ndidzafera ndekha, lakuti ndikanapita nawo kuchipatala msanga, onsewo ndinaphunzira kuwauza kuti pitani bwino, ndipo amapitadi. Koma amako ndinkawapatsa mpando. Tinkakhala. Chimene chinatsitsa magazi ndi chimenecho, kaya aphunzitsi ako a kumeneko avomereza kaya akana.

Kuno mitengo ndi yosayamba. Nkhalango ya m'phiri yayambira kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo munthu ukhoza kugona chagada tsiku lonse popanda wokulirira. M'mawa woyamba ndinakhala pansi, ndinawerenga, ndinadutsa zinayi, zisanu, mpaka khumi. Koyamba m'moyo wanga. Ndinayambiranso, khumi. Palibe anabwera. Sindikubisira, tsiku limenelo ndinalira kuposa pa maliro. Masabata atatu ndinkakhoza masamu amenewo tsiku lililonse, ndipo sindinadanepo ndi nambala ngati mmene ndinadanirana ndi khumi.

Sabata yachinayi, Lolemba, ndili pa zitatu, ndinamva kakutsokomola kaja. Anachedwa, monga mwa masiku onse. Amako sanafikepo pamalo nthawi yake.

Tsono iwe. Rakele wandiuza kuti unathawa kalasi ndipo ukuzemba aphunzitsi. Mwana wa Solomoni Phiri! Ubwerere kwa mkulu wa mu laibulale uja, ulowere khomo lakumaso. Ukatsinzina n'kuona bokosi, usathawe. Khala pomwepo, maliro amenewo ndi ako, sunawalire. Bokosi likatsika, dikira. Amabwera pambuyo pake.

Nkhani yotsiriza. Lachinayi lapitali ndikuchokera kunkhalango ndinapeza munthu atakhala pampando wanga, nkhuku ili m'manja. A Andireya. Akuti amangodutsa. Kuchokera ku Dzoole, matola awiri ndi mtunda wapansi, kungodutsa. Aonda, maso alowa. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za ndale mpaka tinakangana pang'ono, zimene zinatikomera tonse. Mawu akuti bwererani sanawanene, ndipo ine sindinawafunse.

Ndikuwaperekeza, tili pamtsinje, anaima n'kumayang'ana madzi. Akuti chichokere ine sakugona. Akuti anapita kuchipatala, mnyamata uja wawauza kuti magazi akuthamanga, asiye kuganiza. Kenaka anati, "Alamu, kapepala kaja. Kanalipo kamodzi komwe kaja?"

Ndinang'amba tsamba m'kope langa, ndinatsamira pamwala, n'kuwalembera zonse monga unalembera iwe, chifukwa ndinaziloweza. Achule ako okha sindinajambule. Ndipo mzere woyamba ndinausintha, poopa kuti angakakumane ndi a Faines m'mamawa. Pamene iwe unati pezani malo a mitengo, ine ndinalemba kuti: khalani m'chigafa mwanu. Mitengo yonse ya pamudzi ili momwemo.

Anawerenga, anapinda, anaika m'thumba la malaya, n'kuwoloka.

Ine bambo wako,
Solomoni Phiri